Kudya za njinga ya m'mapiri: mmene mungapezere siponsa muli ku Zomba

Loweruka lililonse m'mamawa, ndikamatsegula pamalo panga pokonzera njinga, pamadutsa anyamata atatu kapena anayi akutchova kulunjika kuphiri. Pobwerako, thukuta lili kamukamu, matope mpaka m'makutu, mmodzi salephera kuima n'kundifunsa funso lomwelomwelo: "Achimwene, kodi siponsa amapezeka bwanji?" Ndakhala ndikuyankha mwachidule chifukwa manja amakhala ali m'girizi. Lero ndati ndikhale pansi ndilembe, kuti amene akufunadi kudya za njinga aione njirayo kuyambira poyambira pake.

Ndiyambe ndi mawu amene ambiri sakonda kuwamva. Siponsa si wachifundo. Wachifundo ndi amalume anu amene angakugulireni tayala lero, mawa n'kuiwala. Siponsa ndi wamalonda. Amatulutsa ndalama kapena katundu chifukwa akufuna kuti dzina lake lifike kwa anthu amene payekha sakanawafikira. Ntchito yanu yonse ndi yoti mukhale munthu amene wamalonda angaike dzina lake pamsana pake osadandaula.

Poyamba dziwani kumene ndalama za masewerowa zimachokera

Mipikisano ya njinga padziko lonse imayendetsedwa ndi bungwe la UCI, lomwe likulu lake lili ku Aigle m'dziko la Switzerland. Njinga za m'mapiri zinalowa m'masewero a Olimpiki mu 1996 ku Atlanta. Pamwamba penipeni pali matimu a makampani opanga njinga, ndipo amenewo ndiwo amalipira akatswiri monga Nino Schurter wa ku Switzerland, amene anatenga golide ku Rio mu 2016, kapena Alan Hatherly wa ku South Africa, amene mu 2024 anapata mendulo ya nambala 3 ku Olimpiki ya Paris n'kukhalanso katswiri wa dziko lonse chaka chomwecho. Greg Minnaar wa ku Pietermaritzburg anakhala katswiri wa dziko lonse pa mpikisano wotsetsereka phiri kanayi konse, mu 2003, 2012, 2013 ndi 2021.

Amenewa ndi ochepa. Kumbuyo kwawo, pamzere womwewo woyambira, kumaima anthu ambirimbiri odzilipirira okha ulendo, ena okhala ndi ntchito zina zimene amabwererako Lolemba. Mphoto ya mpikisano nthawi zambiri siifika n'komwe pa ndalama imene munthu waononga kuti akafike kumpikisanoko. Ngati zili choncho ku Ulaya, kuli bwanji kuno kumene ndalama za makampani zimathamangira kumpira wamiyendo ndi wamanja?

Choncho musaike mtima pa malipiro a pamwezi ochokera kwa munthu mmodzi. Wodya za njinga ku Zomba amatunga pa zitsime zinayi: kulondolera alendo paphiri, kukonza njinga, mphoto za mipikisano, ndi masiponsa. Ziwiri zoyambazo ndizo zimagula ufa. Mphoto ndi yapakanthawi. Siponsa ndi amene amakunyamulani kuti mukafike kumene thumba lanu silikanakufikitsani.

Sankhani mtundu umodzi wa mpikisano

Pali wozungulira njira yaifupi kangapo, wa ola limodzi ndi theka kapena kuchepera pang'ono, umene umachitika ku Olimpiki. Pali wa mtunda wautali, woyambira makilomita 60 kupita m'tsogolo. Palinso wotsetsereka phiri. Ine ndimauza aliyense wa kuno kuti asankhe pakati pa awiri oyambawo. Njinga yotsetserekera imafuna mashoko akuluakulu kutsogolo ndi kumbuyo, chipewa chophimba nkhope yonse, ndi zipangizo zoti zikathyoka simungazipeze pamsika wa Zomba ngakhale ku Limbe. Pomwe njinga ya shoko yakutsogolo yokha, ya mawilo a mainchesi 29, ngakhale yakaunjika, ikhoza kukupambanitsani ngati miyendo ndi mapapo zili bwino.

Ndipo pa zimenezi ife a ku Zomba tinadalitsidwa. Tauni ili pansi pa mamita 1,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, nsonga ya Malumbe ili pamwamba pa mamita 2,000. Mtunda umene anzathu akunja amaulipirira ndege kuti akaupeze, ife tili nawo kuseri kwa nyumba.

Gulani kope

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ambiri amagwera. Mnyamata amabwera n'kunena kuti "ine ndimathamanga kwambiri, funsani aliyense ku Chinamwali." Bwana wa kampani sangapite ku Chinamwali kukafunsa. Akufuna aone papepala.

Gulani kope la sukulu lachikuto cholimba. Sankhani chitunda chimodzi chimene muzidziyesera, mwachitsanzo kuchokera m'tauni kukafika pa Ku Chawe, ndipo poyambira ndi pothera pazikhala pomwepomwepo. Kamodzi pa sabata ziwiri zilizonse kwerani ndi mphamvu zanu zonse n'kulemba tsiku, mphindi zimene mwatenga, nyengo, ndi chimene munadya. Masiku enawo lembani maola amene mwapalasa ndi njira imene munadzera. Mukakhala ndi foni yotha kutero, tsegulani pulogalamu ya Strava kuti izisunga maulendo anu, chifukwa imaonetsa mapu, mtunda ndi kukwera kwake, ndipo munthu wa ku Johannesburg akhoza kuona yekha osadalira pakamwa panu. Koma kope musalisiye. Foni imatayika, imagwera m'madzi a Mulunguzi, batire limatha muli pakati pa nkhalango.

Ndimakumbukira m'mawa wina wa mwezi wa July, chiperoni chitakuta phiri lonse moti mitengo ya paini imangooneka ngati zithunzi. Ndinakwera ndi mnyamata wina amene anali atasunga kope miyezi isanu. Titafika pamwamba, ali wefuwefu, zala zitauma ndi kuzizira, anatulutsa kope m'jumbo imene anaimanga pansi pa chishalo, n'kulemba nthawi yake pensulo ikunjenjemera. Kenako anabwerera masamba m'mbuyo mpaka tsamba loyamba, n'kundionetsa osalankhula kanthu. Anali atadulapo mphindi zisanu ndi ziwiri. Tsamba limenelo ndi limene linamugulira matayala ake oyamba a siponsa, osati kulankhula kwake.

M'kope lomwelo muzilemba mpikisano uliwonse: dzina lake, tsiku, makilomita, anthu angati anayamba, inu munathera pa nambala yanji, wopambana anakusiyani ndi mphindi zingati. Musanamizepo. Nambala 14 pa anthu 60 yolembedwa moona ndi yamtengo kuposa "ndinachita bwino."

Konzani mapepala

Lembetsani ku Cycling Federation of Malawi kuti mukhale ndi laisensi. Mipikisano yovomerezedwa ndi UCI salowa munthu wopanda laisensi ya bungwe la dziko lake, ndipo mapointi amene amakweza dzina la munthu pamndandanda wa dziko lonse amapezeka m'mipikisano yoteroyo basi. Bungwe la kunoli ndi limenenso limasankha oimira dziko. Pasipoti yambani kuisakasaka lero, musadikire kuti mwayi ubwere kaye. Ndaonapo munthu akuitanidwa kunja n'kulephera chifukwa cha kabuku kameneka.

Mipikisano ya kuno musainyoze, ngakhale ya pamsewu wa tala. Wa njinga za m'mapiri wa ku Luwawa, m'nkhalango ya Viphya, ndi woyenera kuusungira ndalama ya thiransipoti, chifukwa kumafika anthu amene ali ndi njinga zabwino ndiponso maudindo m'makampani.

Chenjezo limodzi pano. Mankhwala opha ululu a tramadol, amene ena amamwa kuti asamve kutopa, ndi oletsedwa pampikisano. UCI inawaletsa mu 2019. Akakupezani nawo m'thupi zotsatira zanu zimafufutidwa, ndipo palibe wamalonda amene angafune dzina lake pafupi ndi nkhani yotero. Mukadwala, uzani adokotala kuti mumachita mipikisano asanakulembereni mankhwala.

Anthu akuoneni

Siponsa amafunsa mafunso awiri: mumathamanga bwanji, ndipo amakuonani ndani? Lachiwirili nthawi zina limaposa loyamba. Tsegulani tsamba la Facebook kapena Instagram la dzina lanu lenileni, la njinga zokhazokha. Za ndale, zotukwanizana za mpira ndi zithunzi za kumowa zisapezekepo. Ikanipo kanthu kawiri kapena katatu pa sabata, chaka chonse, osati pa nthawi ya mpikisano yokha.

Musavutike kutsanzira akunja. Chimene muli nacho inu iwo alibe: njinga itatsamira mwala pa Emperor's View, kumunsi nyanja ya Chilwa ikunyezimira, phiri la Mulanje lili chapatali, mathithi a Williams nthawi ya dzinja, anyamata ogulitsa masitiroberi m'mbali mwa msewu, mmene mumamatira chubu pansi pa mtengo. Lembani m'Chichewa, n'kuikapo mzere umodzi wa Chingerezi wa alendo. Kavidiyo ka theka la mphindi kojambulidwa ndi mnzanu ataima pakona n'kokwanira.

Koma phirili si lathu tokha. Njira zimene timatsetserekamo ndi zomwezo amayi amatsikiramo atasenza mitolo ya nkhuni, ndi abambo akukankha njinga zolemedwa ndi mitengo. Chepetsani liwiro, perekani moni, apatseni njira, ndipo musajambule munthu musanamupemphe. Mukagunda mayi wosenza nkhuni pa Potato Path, mbiri yake ifika m'tauni inu musanatsike.

Lembani bajeti ya chaka

Musanapemphe, dziwani chimene mukupempha. Tengani tsamba limodzi mulembe zimene njinga imadya pa chaka: matcheni, mapadi a mabuleki, matayala, machubu kapena madzi omatira matayala opanda chubu, mawaya a magiya, mafuta. Dzinja la ku Zomba limadya mapadi ngati chiswe. Gulani kachitsulo koyezera kutha kwa tcheni. Pa njinga ya magiya 11 kapena 12 kumbuyo, tcheni ikafika pa 0.5 pa kachitsuloko isintheni, apo ayi idya mano a magiya onse ndipo mulipira kangapo. Onjezani ndalama zolowera mipikisano, thiransipoti, kogona, chakudya ndi bandulo. Pafupi ndi chinthu chilichonse lembani mtengo wa sabata imeneyo ndi tsiku lake.

Kagogodeni, kuyambira pafupi

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Anyamata ambiri amayamba n'kulembera makampani opanga njinga a ku Ulaya ndi ku America, amene amalandira makalata otero osawerengeka, kenako n'kukhumudwa. Yambani ndi amene akupindula ndi phiri lomweli: malo ogona alendo, malo odyera, ogulitsa njinga ndi zipangizo zake, ophika buledi, ogulitsa madzi a m'mabotolo, eni mashopu amene amakudziwani nkhope. Mukakwanitsa chaka ndi awiri kapena atatu otere, ndiye muzipita ku Blantyre kumabanki, kumakampani a mafoni ndi a inshuwalansi, muli ndi umboni m'manja.

Musamangoganiza za ndalama. Katundu ndi wosavuta kupereka kuposa ndalama. Mwini loji akhoza kukupatsani chakudya chamasana masiku amene mwakwera phiri. Wa shopu akhoza kukugulitsani zipangizo pamtengo umene iye anaodera. Wa galimoto yopita ku Mzuzu akhoza kukunyamulirani njinga. Mu 2014, pamasewero a Commonwealth ku Glasgow, opalasa njinga awiri a dziko lino anafika ndi njinga zotopa, ndipo shopu ina ya njinga mumzindawo inawapatsa zabwino zoti apikisanire. Nkhaniyo inafalitsidwa kwambiri kumeneko, dzina la shopuyo n'kumveka kutali. Onse anapindula, ndipo umu ndi mmene muyenera kuganizira.

Kalata yanu isapitirire masamba awiri. Tsamba loyamba linene kuti ndinu ndani, zotsatira zanu zitatu kapena zinayi zabwino, chithunzi chimodzi chooneka bwino, chiwerengero cha okutsatirani pa intaneti, ndi mipikisano imene mukufuna kulowa chaka chikubwerachi. Lachiwiri linene chimene mukupempha ndi chimene mupereke. Mawu oti "thandizo lililonse lomwe mungakwanitse" musawalembe, chifukwa amamupatsa munthu ntchito yokuganizirani. Lembani motere:

"Ndikupempha matayala anayi, matcheni atatu ndi thiransipoti ya mipikisano iwiri. Ine ndidzavala jezi ya dzina la malo anu pamipikisano yonse ndi pokonzekera, ndidzaika zithunzi zinayi pamwezi zotchula malo anu, ndipo Loweruka limodzi pamwezi ndidzaperekeza alendo anu paphiri popanda malipiro."

Mwaona kuti mbali yachiwiriyo ndi yaitali kuposa yoyamba. Zizikhala choncho.

Fufuzani dzina la amene amaona zotsatsa malonda, kapena mwini wake ngati ndi bizinesi yaing'ono, ndipo kalata ipite kwa iyeyo. Pitani nayo nokha, mutasamba, mutavala bwino, njinga itatsukidwa. Pemphani mphindi khumi zokha ndipo zikakwana imirirani. Makampani akuluakulu amakonza bajeti yawo chaka chawo chisanayambe, choncho funsani mwezi umene amachita zimenezi n'kupita miyezi itatu usanafike. Wopempha Lachitatu ndalama za mpikisano wa Loweruka amaoneka wosakonzeka. Pakatha sabata ziwiri muli chete, imbani kamodzi mwaulemu. Akakana, thokozani, ndipo pakatha miyezi ingapo atumizireni zotsatira zanu zatsopano osapempha kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Achemwali amene mumapalasa, mwayi wanu ndi waukulu kuposa mmene mukuganizira, chifukwa ndinu ochepa ndipo makampani amafuna kuoneka akukweza atsikana. Koma zokambirana zizichitikira mu ofesi, masana, muli ndi mphunzitsi wanu kapena wachibale. Wonena kuti mukasainirane kumalo ogona usiku si siponsa. Ndipo aliyense wosakwana zaka 18, mnyamata kaya mtsikana, makolo ndiwo asaine.

Zonse zilembedwe

Izi ndikunena ndi mtima wowawa, chifukwa zinandichitikira. Ndili mnyamata, kampani ina inandilonjeza pakamwa njinga yatsopano ndi ndalama ya maulendo a chaka chonse. Tinagwirana chanza, anandiveka jezi, anandijambula zithunzi tsiku lonse padamu la Mulunguzi. Zithunzizo zinatuluka pamakalendala awo. Njinga sinabwere. Nditapitako kachitatu ndinapeza bwana amene tinagwirizana naye atasamutsidwa, ndipo wolowa m'malo mwake anandifunsa modekha kuti, "Pepala lake lili kuti?" Ndinalibe. Ndinali nditakana kale thandizo laling'ono la wa shopu wina poganiza kuti zazikulu zikubwera, ndipo chaka chimenecho ndinalephera mipikisano iwiri chifukwa chosowa matayala.

Mgwirizano suchita kufuna loya ngati ndi waung'ono. Tsamba limodzi losainidwa ndi mbali zonse, lokhala ndi chidindo cha kampani, aliyense n'kusunga lake, n'lokwanira. Koma zinthu izi zisasowemo. Uyamba liti ndipo utha liti. Akupatsani chiyani, zingati, pa masiku ati. Inu muchita chiyani, zowerengeka. Zithunzi zanu azigwiritsa ntchito pati ndipo mpaka liti. Kodi mukuloledwa kukhala ndi masiponsa ena? Kawirikawiri wa madzi safuna wa madzi mnzake pajezi yomweyo, ndipo n'zomveka, koma asakutsekereni wa matayala. Mukavulala n'kukhala miyezi iwiri osapalasa, thandizo lipitirira? Ngati akupatsani njinga, ndi yanu kapena yobwereka, ndipo ikabedwa kapena felemu ikathyoka alipira ndani?

Pali chinanso chimene tinaphunzira mowawa. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Zipangizo za njinga zathu zonse zimachokera kunja, kaya ndi za kampani ya Shimano kaya ya SRAM. Amene anagwirizana ndalama yokhazikika ya chaka chonse anadzuka ikugula zochepa kwambiri kuposa zimene anawerengera. Choncho pamene zingatheke, mgwirizano utchule katundu, "matayala anayi," osati ndalama yake. Ngati ndi ndalama, pemphani kuti muziunikanso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Ndalamazo zizibwera kubanki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti pazikhala umboni, osati za m'manja pakhonde.

Mukalandira, ntchito ndiye yayamba

Siponsa woyamba kumupeza n'kovuta, koma ambiri amamutaya mosavuta: amalandira, n'kuzimiririka mpaka tsiku lodzapemphanso. Inu kumapeto kwa mwezi uliwonse tumizani uthenga waufupi pa WhatsApp kapena kalata: maola amene mwapalasa, mpikisano umene munalowa ndi nambala yanu, zithunzi zitatu zooneka dzina lawo, ndi malisiti a zimene mwagula. Mukachita moipa nenani inu nomwe asanamve kwa ena, ndipo fotokozani chimene chinachitika popanda kunamizira njinga. Mukakwera pansanja yolandirira mphoto, jezi ikhale yoyera, zipi yotseka, dzina lioneke. Mukapata chikho, pitani nacho kushopu kwawo mukajambulitse nawo limodzi. Ndalama ya matayala isagule foni, ngakhale foniyo ikufunikadi. Zikavuta pakhomo, kauzeni, musangokhota nayo.

Za ufa wa tsiku ndi tsiku

Kulondolera alendo ndi ntchito imene imakulipirani uku mukukonzekera mpikisano. Alendo amabwera ambiri nyengo yopanda mvula, kuyambira cha mu May mpaka October. Gwirizanani ndi malo ogona alendo kuti azikuitanani, ndipo muyanjane ndi olondolera alendo oyenda pansi amene alipo kale paphiri. Musawalande makasitomala, muzipatsirana. Funsani ku ofesi ya zokopa alendo ndi ya zankhalango zimene zikufunika kuti mugwire ntchitoyi movomerezeka, ndipo bizinesi ikayamba kuyenda ilembetseni, chifukwa maloji ndi makampani amafuna lisiti.

Konzani maulendo atatu a mtengo wodziwikiratu: waufupi wozungulira damu ndi mathithi, wa theka la tsiku wokafika ku Queen's View ndi Emperor's View, ndi wa tsiku lonse wokafika ku Chingwe's Hole, kumene munthu amaona chigwa cha Shire chili tambalale. Mlendo salipira liwiro lanu. Amalipira kuti abwerere wamoyo, atasangalala, atamva nkhani. Dziwani kuti Emperor's View inatchedwa dzina pokumbukira Haile Selassie wa ku Ethiopia amene anafika mu 1965, Queen's View pokumbukira mayi a Mfumukazi Elizabeth amene anafika mu 1957, ndiponso kuti Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975. M'chikwama muzikhala pampu, machubu awiri, chodulira tcheni, masipanala, mabandeji ndi madzi apadera. Muziyenda pa liwiro la wofooka pagululo. Mlendo wopanda chipewa choteteza mutu musanyamuke naye. Mwezi wa September ndi October muzifunsa za moto wa m'nkhalango musanalowe. Ndipo musaiwale kuti pakati pa alendo amenewa ndi pamene pamachokera mabwana, madokotala ndi opalasa akunja amene akabwerera kwawo amatumiza nsapato, mapedulo, kapena dzina la munthu woti mumulembere. Musawapemphe kanthu paulendo. Apatseni tsamba lanu la pa intaneti basi.

Za kukonza njinga: amisiri a njinga za kabaza alipo pakona iliyonse, ndipo ntchito yawo amaidziwa. Inu phunzirani zimene zikusowa, monga kutulutsa mpweya m'mabuleki a mafuta, kutsegula ndi kutsuka shoko, kulinganiza magiya 12, kumanga wilo kuyambira pa sipoko yoyamba. Dziwani kuti mabuleki a Shimano amafuna mafuta akeake, ndipo mukathiramo a mabuleki a galimoto mwaononga malabala onse. Mmisiri wodziwa izi sasowa ntchito, ndipo ndi luso limene limatsala miyendo ikatha. Amene muli pasukulu, kaya ku Chanco kaya kusekondale, musasiye chifukwa cha njinga. Wotha kulemba kalata yabwino ndi lipoti lomveka amasunga siponsa kuposa womuposa liwiro.

Thupi lanu ndilo mpamba wanu. Burry Stander wa ku South Africa, amene anathera pa nambala 5 ku Olimpiki ya London mu 2012, anamwalira mu January 2013 atagundidwa ndi minibasi akukonzekera pamsewu, ali ndi zaka 25. Msewu wa M3 wopita ku Blantyre kapena ku Liwonde ndimauopa kuposa chitsetsereko chilichonse cha paphiri. Mukamadzeramo valani zowala, musaike zomvera nyimbo m'makutu, ndipo mdima usakupezeni.

Nthawi yoyang'ana kunja

Mukayamba kupambana kuno mosavutikira, kope litadzaza zaka ziwiri, masiponsa ang'onoang'ono akukuchitirani umboni, ndiye yang'anani kunja. Khomo lapafupi ndi South Africa, kumene kuli mipikisano pafupifupi sabata iliyonse ndiponso nthambi ya mu Africa ya sukulu ya UCI yophunzitsa opalasa njinga, imene munthu amapitako kudzera ku bungwe la dziko lake. Adrien Niyonshuti wa ku Rwanda anachokera kudziko lopanda mbiri ya masewerowa n'kukapalasa njinga ya m'mapiri ku Olimpiki ya London mu 2012, atanyamula mbendera ya dziko lake. Kum'mawa kwa Africa kuli Team Amani, imene imatenga opalasa a ku Kenya, Uganda ndi Rwanda n'kumapita nawo kumipikisano ya m'misewu yafumbi kunja. 

Cape Epic ya ku South Africa, imene inayamba mu 2004, ya masiku asanu ndi atatu ndipo amapikisana awiriawiri, musayambire imeneyo. Ndalama yolowera yokha ndi yoti munthu payekha sangaisenze. Sankhani mpikisano wa tsiku limodzi wa mtunda wautali, lembetsani msanga mtengo usanakwere, ndipo pemphani masiponsa anu agawane: wina basi, wina kogona, wina yolowera. Funsani za inshuwalansi ya chipatala ya paulendo, chifukwa kuthyoka phewa kunja wopanda inshuwalansi kumagulitsa munda wa makolo.

Njinga ipakireni m'katoni ya njinga yopempha kushopu. Chotsani mapedulo ndi wilo lakutsogolo, tembenuzani handulo, masulani chosinthira magiya chakumbuyo n'kuchikulunga m'nsalu, ndipo pakati pa mapadi a buleki ikanipo kakatoni kuti asatsekeke. Kachitsulo kamene chosinthira magiya chimapachikikapo tengani kapadera, chifukwa n'kamene kamapindika koyamba ndipo njinga iliyonse ili ndi kakekake. Nsapato, chipewa, laisensi, pasipoti ndi kope zikhale m'chikwama cha pamiyendo panu, osati pansi pa basi. Fikani masiku atatu mpikisano usanachitike kuti miyendo imasuke ku ulendo wa basi, muyendere njirayo kawiri, ndipo madzulo a tsiku loyamba tumizani chithunzi kwa aliyense amene anaikapo kwacha yake.